Zomwe Magazi Anaulula za Fuluwenza ya Nkhumba

Kumapeto kwa Seputembala 1918, alimi anabwera ndi nkhumba zawo ku chionetsero cha ziweto mumzinda wa Cedar Rapids, m'chigawo cha Iowa ku America. Chionetserocho chisanathe, nkhumba zambiri zinali zitayamba kutentha thupi, kutsokomola, kuchucha mamina ndi kukana chakudya. Eni ake atabwerera nazo kwawo, matendawo anafalikira m'makola a dera lonselo. Inali nthawi yomweyo imene mliri wa fuluwenza unkapulula anthu padziko lonse, mliri umene akatswiri amati unapha anthu pafupifupi 50 miliyoni.

Dokotala wina wa ziweto wa boma, J. S. Koen, anaona kuti banja likadwala nkhumba zake zimatsatira, ndipo pena zimayamba ndi nkhumba kenako eni ake. Iye anati awa ndi matenda amodzi, ndipo anawatcha fuluwenza. Ogulitsa nyama ya nkhumba anapsa mtima poopa kuti malonda awo alowa pansi. Koen analibe umboni wina woposa zomwe maso ake anaona. Panthawiyo panalibe amene anali ataonapo kachirombo ka fuluwenza, ndipo madokotala ambiri ankakhulupirira kuti matendawa amayamba ndi bakiteriya amene Richard Pfeiffer wa ku Germany anapeza mu 1892.

Mlimi wa kuno asasokoneze matendawa ndi chigodola, chomwe chimaseseratu khola lonse m'masiku ochepa koma sichigwira munthu. Fuluwenza ya nkhumba imagwira pafupifupi nkhumba zonse m'khola, koma zambiri zimachira pakatha sabata imodzi. Chimene chimadetsa nkhawa n'chakuti kachirombo kake kamatha kudumpha pakati pa nkhumba ndi anthu.

Chida chomwe chinadzagamula nkhani ya Koen chinali chitapezeka kale ku Berlin. Mu 1890, Emil von Behring ndi Shibasaburo Kitasato anaonetsa kuti nyama yomwe yapulumuka ku poizoni wa kafumbata imakhala ndi chinthu china m'magazi chimene chimathetsa mphamvu ya poizoniyo, ndipo chinthucho chingasamutsidwe kupita kwa nyama ina. Magazi akasiyidwa m'botolo amaundana, pamwamba pake n'kutsala madzi achikasu otchedwa seramu. M'madzi amenewa ndi momwe mumakhala maantibodi, mapuloteni amene thupi limapanga kuti akamatirire mdani amene linakumana naye. Antibodi iliyonse imagwira mdani wake yekha, ndipo thupi limatha kupitiriza kuipanga kwa zaka makumi ambiri matenda atatha. Wofufuza akakhala ndi seramu yodziwika angazindikire nayo kachirombo kachilendo; akakhala ndi kachirombo kodziwika angadziwe nako zomwe munthu kapena chiweto chinadwalapo kale.

Amene anagwiritsa ntchito nzeru imeneyi pa nkhumba anali Richard Shope, mbadwa ya ku Iowa komweko, yemwe ankagwira ntchito ku Rockefeller Institute ku Princeton pansi pa Paul Lewis. Lewis anamwalira ku Brazil mu 1929 atatenga matenda a yellow fever amene ankafufuza, ndipo Shope anapitiriza ntchito ya nkhumba yekha. Anatenga mamina a nkhumba zodwala n'kuwasefa ndi sefa yosalola bakiteriya kudutsa. Madzi osefedwawo anadwalitsabe nkhumba zathanzi, ngakhale kuti sizinadwale kwambiri. Atawaphatikiza ndi bakiteriya amene ankapezeka m'mapapo a nkhumba zodwala, matenda oopsa aja anaonekera onse. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 1931 mu Journal of Experimental Medicine, ndipo kachirombo kake, kamene lero kamalembedwa kuti A/swine/Iowa/15/1930, kakadasungidwabe m'malabotale. Kachirombo ka fuluwenza ka nkhumba kanadziwika ka munthu kasanadziwike.

Ka munthu kanapezeka mu 1933 ku London, pamene Wilson Smith, Christopher Andrewes ndi Patrick Laidlaw anathira madzi otsukira kukhosi kwa odwala m'mphuno za feleti, kanyama ka m'banja limodzi ndi kanyimbi. Mafeleti anayetsemula ndi kutentha thupi monga anthu. Kuyambira pamenepo kanyama aka sikanachokenso mu nkhani ya fuluwenza.

Tsopano tizirombo tiwiri tinali m'manja, ndipo ofufuza a ku London ndi ku Princeton anayamba kutumizirana seramu. Kayesedwe kake kanali kotopetsa. Ankasakaniza seramu ndi kachirombo, kudonthezera msanganizowo m'mphuno za mbewa zogonetsedwa ndi mankhwala, kudikira masiku angapo, kenako kung'amba mbewazo kuti aone mapapo. Mapapo akakhala abwino, ndiye kuti seramuyo inali ndi maantibodi. Mu 1936 Shope anafalitsa zomwe anapeza atayesa magazi a anthu a misinkhu yosiyanasiyana. Seramu ya akuluakulu ambiri inagonjetsa kachirombo ka nkhumba, ngakhale ya anthu a m'tauni amene sanayandikirepo khola. Ya ana osakwana zaka 12 nthawi zambiri inalephera. Ya makanda ongobadwa kumene inagonjetsa, chifukwa anali akadali ndi maantibodi ochokera kwa amayi awo.

Panali njira imodzi yomveka yomasulira zimenezi, ndipo Laidlaw anali ataitchula kale chaka cham'mbuyo: anthu amene analipo pa mliri wa 1918 ndi zaka zotsatira anakumana ndi kachirombo kofanana kwambiri ndi kamene kanali mu nkhumba za ku Iowa. Mwa anthu, kachiromboko kanasintha chaka ndi chaka mpaka ana obadwa pambuyo pake sanakumanenso ndi maonekedwe ake akale. Mu nkhumba kanakhala pafupifupi momwe kanalowera. Panapita zaka zoposa 60 kuti izi zitsimikizike mwa njira ina. Kuyambira mu 1997, Jeffery Taubenberger ndi anzake anawerenga majini a kachirombo ka 1918 kuchokera m'tizidutswa ta mapapo a asilikali tosungidwa ku Washington, komanso m'thupi lomwe Johan Hultin anafukula m'nthaka youndana ndi chisanu ku Brevig Mission ku Alaska. Ntchitoyo inatha mu 2005, ndipo inagwirizana ndi zomwe Shope anapeza ndi mbewa zake.

Si kuti Shope ankalondola chilichonse. Anathera zaka zambiri akuteteza maganizo akuti kachiromboka kamabisala mu nyongolotsi za m'mapapo a nkhumba ndi nyongolotsi za m'nthaka podikira nyengo yozizira. Lero palibe amene amatsatira maganizo amenewa.

Njira imene inapeputsa ntchito inapezeka mwangozi. Pofika 1941 ofufuza anali ataphunzira kuchulukitsa kachirombo ka fuluwenza m'mazira a nkhuku okhala ndi mwanapiye wosaswa. George Hirst wa ku New York, potunga madzi m'dzira lotere, anaona kuti magazi ochokera m'mitsempha yodukaduka akasakanizika ndi madzi okhala ndi kachirombo, maselo ofiira amamatirirana timagulu. Ofufuza awiri a ku Toronto, McClelland ndi Hare, anaona zomwezo chaka chomwecho. Chomata maselowo ndi puloteni yomwe ili pakhungu la kachirombo, yotchedwa haemagglutinin, ndipo ndiyo H wa m'mayina monga H1N1. Hirst anaonanso kuti seramu yokhala ndi maantibodi oyenera imaletsa kumatiriranako.

Kuyesa kumeneku, komwe akatswiri amangokutchula kuti HI, kukuchitikabe mpaka lero mosasintha kwenikweni. Wogwira ntchito m'labotale amatenga mbale ya pulasitiki ya timaenje 96. M'kadzenje koyamba amaikamo seramu yosungunulidwa kakhumi, kotsatira ka 20, kenako ka 40, ka 80, mpaka kumapeto kwa mzere. Amawonjezera muyezo wofanana wa kachirombo m'timaenje tonse, kenako maselo ofiira a nkhuku kapena a nkhukundembo. Pomwe maantibodi agwira kachirombo, maselo amamira n'kupanga kadontho kofiira pansi. Pomwe maantibodi achepa, kachirombo kamamata maselo ndipo kadzenje konse kamaoneka kofiirira. Kadzenje komaliza kokhala ndi kadontho ndiko kamapereka nambala. Seramu isanalowe m'mbale imayamba yathiridwa enzayimu yochokera ku bakiteriya wa kolera, kuti ichotse zinthu zina za m'magazi zomwe zingaletse kumatirira ngati kuti ndi maantibodi pomwe si choncho. Zida zake n'zotsika mtengo, ndipo zotsatira zimawerengedwa ndi maso.

Ndi njira imeneyi bungwe la WHO linamanga mgwirizano wa malabotale olondola fuluwenza, kuyambira ndi likulu lomwe linatsegulidwa ku London mu 1948. Seramu yodalirika inkachokera kwa feleti amene sanadwalepo fuluwenza, wopatsidwa kachirombo kamodzi kokha, magazi ake n'kutengedwa patapita masabata awiri kapena atatu. Kuyesa magazi kotereku ndiko kunaonetsa, mu 1970, kuti kachirombo ka H3N2 komwe kanabuka mwa anthu ku Hong Kong mu 1968 kanali katalowa kale mu nkhumba za ku Taiwan. Apa zinaonekeratu kuti ndi munthu amene anapatsira nkhumba.

Mu Januwale 1976, asilikali ophunzira ntchito ku Fort Dix, m'chigawo cha New Jersey, anayamba kudwala chimfine, ndipo kumayambiriro kwa Febuluwale mmodzi anamwalira. Tizirombo tambiri totengedwa kwa odwala tinagwirizana ndi seramu ya fuluwenza ya chaka chimenecho, koma tina tochepa sitinagwirizane ndi seramu iliyonse yomwe labotale ya chigawocho inali nayo. Titatumizidwa ku bungwe la zaumoyo la boma la CDC ku Atlanta, tinagwidwa ndi seramu ya fuluwenza ya nkhumba. Magazi a asilikali anaonetsa kuti oposa 200 anali atatenga kachiromboko. Aliyense wodziwa ntchito ya Shope anaganiza za 1918. Pulezidenti Gerald Ford anapempha madola 135 miliyoni kuti dziko lonse libayidwe katemera, ndipo anthu oposa 40 miliyoni analandira. Mliri sunabwere. M'malo mwake kunaoneka kuti matenda ozizira ziwalo a Guillain-Barré anali kuchuluka pang'ono mwa olandira katemera, ndipo ntchitoyo inaimitsidwa pa 16 Disembala. Seramu inali itanena zoona, kuti kachirombo ka ku Fort Dix ndi kachibale ka kachirombo ka 1918. Koma kufanana kwa khungu sikunena chilichonse za mphamvu yofalikira kapena yopha, ndipo amene anapanga chisankhocho anasenzetsa umboni wochepa katundu amene sukanatha kunyamula.

Nthawi yomweyo ku Cambridge kunali kutabadwa chida chatsopano. Vuto la seramu n'lakuti muli maantibodi amitundu yosawerengeka, ndipo ya feleti uyu imasiyana ndi ya feleti wina. Botolo likatha, latha. Mu 1975, Georges Köhler ndi César Milstein anatenga maselo opanga maantibodi kuchokera m'kapamba wa mbewa n'kuwalumikiza ndi maselo a khansa amene sasiya kuchulukana. Selo yotuluka pamenepo imapanga antibodi ya mtundu umodzi wokha, ndipo ikasungidwa m'chisanu ingadzutsidwe patapita zaka zambiri n'kupanga yomweyo. Seramu ili ngati khamu la mboni pa bwalo la mfumu, zonse zikulankhula nthawi imodzi, iliyonse ndi mbali yomwe inaona. Antibodi ya monoclonal ndi mboni imodzi imene inaona chinthu chimodzi, koma mawu ake sasintha ngakhale itaitanidwa kangati. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1984 limodzi ndi Niels Jerne. Njira yawo sinalembetsedwe umwini ku Britain, ndipo amene anapeza chiphaso cha umwini pa maantibodi olimbana ndi tizirombo anali a Wistar Institute ku Philadelphia, nkhani yomwe inasiya mkwiyo ku Britain kwa zaka zambiri.

Ku Wistar komweko, Walter Gerhard anapanga maantibodi a monoclonal ochuluka olimbana ndi haemagglutinin. Njira yomwe iye ndi anzake anatsata inali yanzeru. Ankachulukitsa kachirombo pamodzi ndi antibodi imodzi, ndipo tizirombo tonse tinkalephera kukula kupatula tochepa tomwe tinasintha malo enieni amene antibodiyo imagwira. Powerenga pomwe pasintha, ankadziwa pomwe antibodi imamatirira. Mu 1982, Andrew Caton, George Brownlee, Jonathan Yewdell ndi Gerhard anafalitsa mapu a malo amenewa pa puloteni ya H1, omwe mpaka lero amatchedwa Sa, Sb, Ca1, Ca2 ndi Cb. Ofufuza a matenda a ziweto, monga Virginia Hinshaw ndi Bernard Easterday a ku Wisconsin, anagwiritsa ntchito maantibodi otere poyerekeza tizirombo ta nkhumba ta zaka zosiyana, ndipo anapeza kuti H1N1 wa nkhumba za ku America anasintha pang'ono kwambiri pa zaka zambiri. Chifukwa chake n'chomveka. Munthu amakhala zaka 70 akusonkhanitsa maantibodi, ndipo kachirombo kamakakamizika kusintha kuti kamugwirenso. Nkhumba yoweta imaphedwa ili ndi miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, m'malo mwake n'kubwera ina yosadziwa kanthu, choncho kachirombo sikasowa wogwira.

Bata limenelo linatha. Ku Ulaya, kachirombo ka H1N1 kochokera ku mbalame kanalowa mu nkhumba cha m'ma 1979 n'kukhazikika. Christoph Scholtissek wa ku Germany anachenjeza kuti nkhumba ndi malo amene tizirombo ta mbalame ndi ta anthu tingakumanepo mu selo imodzi n'kusinthana majini. Mu 1998 nkhumba za ku America zinayamba kudwala H3N2, ndipo mtundu womwe unafalikira unali ndi majini ochokera ku tizirombo ta anthu, ta mbalame ndi ta nkhumba.

Mu Epulo 2009, ana awiri kumwera kwa California anapezeka ndi fuluwenza ya mtundu wa A imene zoyesera wamba sizinathe kuiika m'gulu lililonse la tizirombo ta anthu. Unali msanganizo wa tizirombo ta nkhumba ta ku America ndi ta ku Ulaya ndi Asia. Pa 11 Juni, Margaret Chan wa WHO analengeza mliri. Boma la Egypt linalamula kuti nkhumba zonse za m'dzikomo, pafupifupi 300,000, ziphedwe, ngakhale kuti matendawa ankafalikira kuchokera kwa munthu kupita kwa munthu. Amene anavutika anali mabanja osauka otola zinyalala mu Cairo. Pa nthawi imeneyi seramu ya mafeleti inaonetsa msanga zinthu ziwiri zofunika: tizirombo tonse ta mliriwo tinali tofanana, kotero kuti katemera mmodzi akanakwanira, ndipo katemera wa chaka ndi chaka sakanathandiza kwenikweni. Magazi a anthu osungidwa mliri usanayambe anaonetsa kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu obadwa chisanafike chaka cha 1950 anali kale ndi maantibodi ogwira kachirombo katsopanoka, pomwe mwa obadwa pambuyo pa 1980 anali anayi okha pa 100 alionse. N'chifukwa chake mliri umenewu, mosiyana ndi fuluwenza ya masiku onse, unavutitsa kwambiri ana ndi achinyamata kuposa agogo.

Chaka chimodzi mliriwo usanabwere, gulu lomwe munali James Crowe wa ku Vanderbilt University linali litatenga magazi a anthu 32 a zaka 91 mpaka 101, amene anali ana mu 1918. M'magazi a ena mwa iwo anapezamo maselo omwe anali akupangabe maantibodi a mliri uja patapita zaka 90, ndipo anapanga maantibodi asanu a monoclonal. Maantibodiwo anagonjetsa kachirombo ka 1918 komanso ka Shope ka 1930. Imodzi mwa iwo, yotchedwa 2D1, inagwiranso kachirombo ka 2009, ndipo mu 2010 labotale ya Ian Wilson inaonetsa kuti imamatirira pa malo a Sa, amene sanasinthe kwenikweni pa zaka zonse zomwe puloteniyo inali mu nkhumba.

Masiku ano ntchito yambiri ndi ya tsiku ndi tsiku, yopanda mbiri. Antibodi yogwira puloteni ya mkati mwa kachirombo, yotchedwa nucleoprotein, imazindikira fuluwenza A ya mtundu uliwonse chifukwa puloteniyo sisintha kwambiri. Ikamangiriridwa ku utoto wowala, njira yomwe Albert Coons anayambitsa mu 1941, imaonetsa maselo odwala m'kachidutswa ka mapapo a nkhumba pa maikulosikopu. Ikaikidwa m'zoyesera zotchedwa ELISA, imathandiza kuyesa magazi a nkhumba mazanamazana tsiku limodzi. Kuti adziwe mtundu weniweni, ofufuza amabwerera ku HI, ndipo pamenepa seramu ya nkhumba imafunika chifukwa thupi la nkhumba siliona kachirombo ndendende monga la feleti. Kupeza mwana wa nkhumba wopanda maantibodi alionse a fuluwenza n'kovuta, popeza amawayamwa mu mkaka woyamba wa make, choncho malabotale ena amabadwitsa ana a nkhumba mwa opaleshoni n'kuwalera padera. Manambala a m'mbale zija tsopano amalowetsedwa mu kompyuta n'kusanduka mapu oonetsa kutalikirana kwa tizirombo, njira yomwe Derek Smith, Ron Fouchier ndi anzawo anafalitsa mu 2004.

Ofufuza a boma la America ku Ames, m'chigawo cha Iowa, anapezanso chinthu chosautsa. Nkhumba zobayidwa katemera wa kachirombo kakufa, kenako n'kukumana ndi kachirombo ka mtundu womwewo koma kosiyana khungu, zinkadwala mapapo kwambiri kuposa zosabayidwa. Mu 2013 zinaonetsedwa kuti maantibodi ena amagwira tsinde la haemagglutinin popanda kuletsa kachirombo, ndipo amakathandiza kulowa mu selo. Amene akufuna kupanga katemera mmodzi wa fuluwenza yonse, omwe ambiri a iwo akuloza tsinde lomwelo, sanganyalanyaze phunziro limeneli la ku khola.

Pambuyo pa 2009, kachirombo ka mliri kanapezeka mu nkhumba m'mayiko ambiri, kuphatikizapo Cameroon, Nigeria ndi Kenya, ndipo konseko kanachokera kwa anthu. Ku China kanasinthana majini ndi tizirombo ta nkhumba n'kubereka mtundu wotchedwa G4. Lipoti la mu 2020 linapeza maantibodi ake mwa ogwira ntchito m'makola pafupifupi 10 pa 100 alionse amene anayesedwa. Kawiri pa chaka, mu Febuluwale ndi Seputembala, akatswiri a WHO amaunika zotsatira za HI za tizirombo totere, ndipo seramu ya katemera wosungidwa ikalephera kugwira mtundu watsopano, amasankha kachirombo kena kokonzera katemera. Mu Novembala 2023 munthu wina ku North Yorkshire ku Britain anapezeka ndi H1N2 wa nkhumba, ndipo anachira. Haemagglutinin ya kachirombo kameneko ndi ya mzere womwe unachokera ku fuluwenza ya anthu ya m'zaka za m'ma 1980, ndipo unayamba kupezeka mu nkhumba za ku Britain mu 1994.